Timaluwa ta pa Lupsa

Tcheni cha njinga chinagwa pa chikweza,
m'munsi mwa phiri la Kanjala,
madengu awiri a matimati ali kumbuyo,
dzuwa la Okutobala litayamba kale kuluma m'khosi
ana asukulu asanatuluke n'komwe m'nyumba.
Ndinatukwana. Ndisaname, kawiri.
Kenako ndinagwada.

Ponseponse panali bii.
Moto wa anyamata osaka mbewa unadutsa mwezi wathawu,
unasiya phulusa, zitsa za udzu zobaya ngati misomali,
ndi nsapato imodzi ya pulasitiki yosungunuka kumphuno.
Koma pafupi ndi chala changa chachikulu,
pamene nthaka inang'aluka ngati chidendene cha mlimi,
panali timaluwa titatu, toyera.

Tsamba ndi limodzi lomwe, ayi.
Kaphesi kowonda ngati sipoko,
mutu wozolikira pansi
monga mwana wofika mochedwa m'kalasi
amene akulowa chozemba kuti aphunzitsi asamuone.

Ndinayang'ana kumwamba: mbee,
popanda ndi kamtambo kolowera ku Mwami.
Lunkhwakwa watsala mchenga ndi mabotolo.
Kwathu chingwe cha pachitsime tachilumikiza kachitatu
ndipo chidebe chikukwera ndi matope.
Nanga inu, madzi mwawapeza kuti?
Wakuuzani ndani kuti tulukani?

Ku Kapata ndinafika msika utadzaza.
Amayi Zelipa Jere, amene amandigula matimati,
anati wachedwa ndi matsire.
Ndinati ayi, ndi maluwa.
Anaseka mpaka kugwira thebulo,
anaitana mnzawo wa kapenta kuti adzamve misala.
Kenaka kuseka kunatha pang'onopang'ono.
Anati, oyera? Aafupi, ooneka ngati amanyazi?
Kwathu ku Mtenguleni, anatero,
malemu bambo akangowaona
ankatsitsa makasu padenga tsiku lomwelo
n'kukhala pakhonde kukhoma mipini.
Dzina lake? Anakanda m'mutu mwa duku.
Lathawa.
Wamakala anati ndi anyezi wa m'tchire.
Wa kapenta anati si anyezi, iye amawadziwa anyezi.
Ndinawasiya akukangana,
ndalama zanga zitaperewera makwacha asanu.

M'mawa mwake ndinatsika dala pamalo pomwepo,
tcheni chili bwinobwino.
Tinali tisanu ndi tiwiri.
Ndinaweramira kuti ndinunkhize:
fungo la utsi basi, ndi kena kake kumbuyo kwa utsiwo
kamene mphuno yanga sinathe kukagwira.
Mnyamata wa njinga yamoto anaima
kufunsa ngati ndataya foni.

Loweruka ndinatenga Tikambenji pa keliyala.
Ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi,
mvula yathayi akuikumbuka pang'ono,
chimene akukumbuka kwambiri ndi chimanga
chimene chinauma chikumasula ngayaye.
Tinapeza mbuzi zatidya tinayi.
Iye anafuna kuthyola totsalato akapatse amake.
Ndinati tisiye, tili pantchito.
Ntchito yanji?
Ndinasowa choyankha.
Anatiwerenga ndi chala, osatikhudza,
n'kutitchingira ndi miyala itatu
yomwe mbuzi iliyonse ingailumphe.

Sindikuti mvula yafika.
Chizimalupsa sichinagwe, usiku tikugonabe panja pamkeka,
wailesi ikulankhula zake, ena akuti chaka chino ichedwa.
Timaluwa tingathe kunama, anthu amanama nanji duwa.
Koma dzulo ndinakwera padenga
kumata phula pa lata lodontha lija,
ndipo mbewu imene ndinaibisa m'chigubu
ndaitulutsa, ndaiyanika, ndasankha yofumbwa.
Mkazi wanga anaima pakhomo, manja m'chiuno,
nafunsa amene wandiuza.
Ndinaloza ku Kanjala.
Iye anayang'ana phiri lakuda lija nthawi yaitali,
kenaka analowa m'nyumba
kukafuna kumene anaika mtedza wa mbewu.